Magazi a Achimwene Anga Anayera Ngati Mkaka

Anthu akandiona nditakhala pakhonde ndi ndodo yanga amati ndine wodala, poti ndakalamba chonchi maso akuonabe, koma ine ndikamva zimenezo mtima umandiwawa, ndipo lero ndati ndikuuzeni chifukwa chake. Zimene ndilembe panozi sindinachite kumva kwa munthu, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ngati muli bodza m'menemu dzanja logwira cholemberali liume. Kulembaku ndinakuphunzira imvi zitamera kale, ku sukulu ya akuluakulu, ndiye pena pakapindika mundikhululukire.

Kwathu ndi ku Dowa. Pa mtundu wathu wakuchikazi panali chizindikiro chimene tinkachinyadira kwambiri. Munthu akafika pamsinkhu wokwatira, pazikope zake, chakufupi ndi mphuno, pankatuluka timabala tachikasu tofewa, ngati wina wapakapo dongo ndi chala, tosawawa komanso tosayabwa. Amayi anali nato, amalume anga onse anali nato, ndipo akuluakulu ankati wokhala nato ndiye mwini mtundu weniweni. Pakaphedwa mbuzi kapena nkhumba, nyama yonona, ya pachidale ndi mafuta a m'mimba, inkapita kwa iwowo, enafe n'kumalimbana ndi mafupa. Zoti amalume anga onse anafa asanamere imvi, wina kumunda khasu lili m'manja, wina panjira akuchokera kumaliro, tinkazidziwa ndithu, koma tinkati ndi anthu ansanje amene ankawalodza chifukwa cha chizindikirocho. Amayi nawonso anangogwa pamtondo akusinja, osadwala n'komwe.

Achimwene anga, amene ndinapondana nawo, anali nato toonekera patali. Ine ndinalibe. Mutha kuseka, koma ndinkadzuka m'mawa n'kumadziyang'ana m'madzi a m'beseni, kukoka chikope uku ndi uku kuti mwina ndionepo kachikasu, ndipo ndinkafika popempha Mulungu kuti andipatseko ngakhale kamodzi kokha. Kodi munthu amadziwa chimene akupempha?

Nthawi ya chitaganya, Mzuzu akadali kaboma kakang'ono ka nkhungu ndi matope, achimwene anapeza ntchito yaukuki kwa mzungu wina wogwira m'boma, ndipo ananditumizira uthenga kuti ndibwere ndidzalowe yolima ku esiteti. Tinkakhala ku Katawa, kumene panthawiyo kunali tinyumba towerengeka m'mbali mwa dambo, ine, iwo ndi alamu anga, akazi awo. Anthu ochokera kwathu tinalipo angapo, ndipo tinkakhala ngati a bere limodzi pakati pa eni dziko. Achimwene anali munthu wathupi, wanthabwala, woseka mpaka kugwira mimba. Akamaweruka ankabwera ndi kachitini ka mafuta otsala pokazinga nyama ya bwana wawo, ndipo ankathira pa chilichonse, ngakhale pa mbatata yam'mawa. Ine ankandipatsako pang'ono n'kumanena kuti ndisazolowere, si zanga.

Chimene chinayamba ndi phuma. Kuchokera kudambo kupita kunyumba za azungu panali kachitunda koti mwana amakwera akuthamanga, koma iwo anayamba kumaima pakati, dzanja lili pachifuwa, amvekere akungoonerera nkhungu. Tsiku lina anagwetsa poto kuntchito chifukwa mkono wamanzere unachita dzanzi, ndipo mkazi wa bwanayo anawatumiza kuchipatala, kumene kunali dokotala wachizungu wobwera mwa apo ndi apo. Ine ndinawaperekeza.

Dokotalayo anayamba ndi kumvetsera chifuwa, koma ataona zikope anaima. Anawatembenuzira kuzenera, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali mpaka achimwene ananditsinzinira diso, ngati akuti waona, ngakhale mzungu wazindikira. Kenaka kudzera mwa womuthandiza, bambo wina wachitumbuka waulemu kwambiri, anayamba kufunsa za makolo athu, kuti ndani anali nato, anafa bwanji, anali wamkulu bwanji. Yankho lililonse nkhope yake inkangonka igwa. Pomaliza anati tibwere m'mawa tisanadye kanthu, akufuna magazi a tonse awiri.

Muyenera kudziwa kuti masiku amenewo nkhani ya magazi inali yoopsa. Mphekesera za anamapopa zinali ponseponse, ndipo chilichonse chochokera kwa mzungu tinkachiona ngati msampha wa chitaganya. Ine ndinati tisapiteko, koma achimwene anati akakana ntchito iwathera. Anatitenga magazi pamkono, aliyense m'kabotolo kake kakatali, n'kutiuza kuti tibwerenso mawa lake magaziwo akakhazikika.

Zimene ndinaona tsiku limenelo sizichoka m'maso mwanga. Bambo wachitumbuka uja ananyamula timabotolo tiwirito n'kutiimika pazenera kuti kuwala kudutsemo. Monse muwiri zofiira zinali zitatsikira pansi. M'kanga, pamwamba panali madzi oyera bwino, achikasu pang'ono ngati tiyi wosalowerera. M'ka achimwene pamwamba panali poyera mbee, ngati mkaka wa ng'ombe, ndipo pamwamba penipeni panali patayandama kachinthu kolimbirako, konga mafuta a nkhumba akaundana pambale m'mawa wozizira. Anapendeketsa kabotoloko, kachinthuko n'kumayenda pang'onopang'ono. Magazi a munthu wamoyo, amene ndimadya naye mbale imodzi, angayere bwanji chonchi? Bamboyo anatsitsa mawu n'kunena kuti, “Adada, mafuta achuluka chomene. Ine pantchito pano sindinaonepo.”

Dokotala anafotokoza pang'onopang'ono, winayo akumasulira. Anati mafutawo akuyenda m'magazi, ndipo amamatirira m'mitsempha yodyetsa mtima mpaka njira kuchepa, n'chifukwa chake chifuwa chimathina pokwera chitunda. Anati timabala tapazikopeto ndi mafuta omwewo amene atulukira pakhungu, ndipo zikuoneka kuti ndi zakumtundu. Mankhwala oti awapatse anati alibe. Chokhacho chimene achimwene angachite n'kusiyiratu zonona ndi fodya, azidya nyemba, masamba ndi usipa wowiritsa, ndiponso akauze abale onse okhala ndi timabalato. Achimwene anathokoza mwaulemu, yewo, yewo, chipewa chili m'manja. Titangotuluka pageti anaphulika nako kuseka. Anati mzungu uja wadabwa kuona munthu wakuda ali ndi magazi onona kuposa ake, ndipo akufuna awaondetse ndi usipa kuti alingane ndi ine.

Pofika madzulo Katawa yense anali atamva kuti azungu atipopa magazi. Alamu analira ngati pagwa maliro. Anthu akwathu anasonkhana n'kugwirizana kuti phuma lija lakula chifukwa magazi achepa, ndipo magazi ochotsedwa amabwezeredwa ndi chakudya champhamvu. Analibe mtima woipa anthu amenewa, ndikunenetsa, ankawakonda achimwene kuposa mmene ankadzikondera okha. Anasonkherana n'kugula nkhumba, Loweruka n'kuipha kuseri kwa nyumba yathu, ndipo monga mwa mwambo wakwathu zonona zonse anaziika m'mbale ya mwini chizindikiro.

Ine ndinalankhula. Wamng'ono sadzudzula mkulu wake pagulu, komabe ndinanena zonse zimene dokotala ananena, za mitsempha, za amalume, za amayi. Achimwene ananyambita chala, n'kundiyang'ana mosekerera, osati mwaukali ayi, n'kunena kuti, “Mphwanga, ako magazi ndi madzi, tinaona tonse pazenera paja. Asiye eni ake adye.” Anthu anaseka mpaka ena kutsamwa, wina n'kuwonjezera kuti nsanje ya wopanda chizindikiro ndi yakalekale. Ndinaweramitsa mutu n'kutola fupa langa. Kuyambira pamenepo alamu ankasungunula mafuta a nkhumba ija n'kumawathirira m'phala m'mawa uliwonse, ndipo itatha ankapita kokapempha zonona kwa opha ng'ombe. Achimwene akati chifuwa chathina, alamu ankawonjezera supuni ina.

Linali Lamlungu masana, tikuchokera kutchalitchi awiriwiri, alamu atatsalira ndi amayi anzawo. Kunkawaza kamvula kozizira kaja ka kuno ku Mzuzu, koti munthu umabisa manja m'khwapa, koma nditacheuka ndinaona thukuta likuyenderera pankhope pawo ngati akulima mu Okutobala. Anandigwira paphewa. Chibadwire changa anali asanatsamirepo pa ine, ndipo kulemera kwa dzanja limenelo ndimakumvabe mpaka lero. Ndinawakhazika pachulu m'mbali mwa njira. Anati pali munthu wawakhalira pachifuwa, ndimuchotse, ndipo ankakankha m'mwamba ndi dzanja lamanja chifukwa lamanzere linali litalendewera. Nkhope inasanduka ngati phulusa. Anasanza, n'kunena kuti nsagwada zikuwawa. Ndinakuwa kuitana anthu, koma nkhungu inali itatseka ponseponse, mawu anga ankangobwerera kwa ine ndemwe.

Kenaka anakhala ngati apezako bwino. Anatsamira mutu pamiyendo yanga n'kundiyang'ana ndi maso a mwana wamng'ono, ndipo anafunsa motsitsa kuti, “Mphwanga, mzungu uja anati chiyani kwenikweni?”

Ndiye ine, chitsiru ine, ndinayamba kuwafotokozera. Ndinati anati musiye zonona achimwene, muzidya nyemba, masamba, usipa wowiritsa, tiyambe mawa lomwe, ndikathyola ndekha nkhwani kudambo. Ndinapitiriza kulankhula za nyemba nthawi yaitali ndithu ndisanazindikire kuti palibe amene akundimva. Maso anali chitsegukire, mvula ikugweramo osaphethira. Powatseka, zala zanga zinakhudza timabala tija koyamba, timene ndinkatisilira moyo wanga wonse. Tinali tofewa ngati mafuta apansi pa chikopa cha nkhuku.

Pamaliro aliyense ankati azungu awatsiriza, anawapopa magazi amoyo n'kuwasiyira chikopa. Alamu anakhulupirira zimenezo mpaka kumwalira kwawo, ndipo ine sindinawatsutse, ndikanawauza kuti chiyani munthu amene ankadzimana kuti mwamuna wake adye? Uthenga wa dokotala ndinakaupereka kumudzi kwa mlongo wanga, amenenso anali nato timabalato. Anandimvetsera mwachifundo, n'kuuza anthu kuti chisoni chandisokoneza mutu. Nayenso anapita ana ake asanakwatire, anangoti chifuwa, chifuwa, ali pachitsime. Ana ake aamuna awiri ndawaika ndine. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati panali mawu ena amene ndikanawapeza, oti munthu wopanda chizindikiro anene ndipo amveke, koma sindiwapeza.

Nditakalamba kale, dokotala wina wachinyamata wa kuno anandiyeza magazi chifukwa cha miyendo yotupa, ndipo ndinamufotokozera nkhaniyi. Sanaseke. Anati mafutawo ena amawatcha kolesiterolo, ndipo alipo oipa amene amatsalira m'mitsempha, aliponso ena othandiza kuchotsa oipawo. Anati m'mabanja ena thupi limalephera kuwachotsa chibadwire, kotero ngakhale kusala zonona pakokha sikukwanira, koma masiku ano kuli mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku amene amawatsitsa, munthu n'kukalamba ngati anzake. Anawonjezera kuti ambiri ali ndi vutoli alibe kabala kalikonse pachikope, amangodziwika poyezetsa. Ndinatuluka m'chipindamo n'kukakhala pabenchi, misozi ikungotsika. Mapiritsi basi? Mtundu wonse uja?

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti panalibe mfiti, ndipo mzungu uja sanabe kanthu. Imfa inali m'magazi mwathu momwemo, ife n'kumaiitana kuti dalitso, n'kumaipatsa nyama yonona ndi manja awiri. Choncho inu amene mukuwerenga, ngati kwanu anthu amangogwa akadali ndi mphamvu, atagwira pachifuwa, musathamangire kuloza chala mnansi wanu. Pitani mukayezetse mafuta a m'magazi, mutengenso abale anu, ngakhale amene akuoneka onenepa ndi osalala, makamaka iwowo.

Ndikuuza inu chifukwa akwathu andikanika. Mdzukulu wa mlongo wanga uja, bambo wa ana atatu, amayendetsa minibasi ndipo amakhala ku Zolozolo. Mwezi wathawu anabwera kudzandiona atanyamula kanyenya wa nkhumba m'pepala, ndipo atawerama kuti andipatse moni ndinationa, tiwiri, tachikasu, tangoyamba kumene. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza zonsezi kuyambira pachiyambi, ndinamupempha kuti tipitire limodzi kuchipatala, ndinafika pogwada ndi mawondo owolawa. Anandidzutsa bwinobwino, n'kundikhazika pampando, akuseka kuseka komwe kuja kogwira mimba.

“Agogo, nkhani yanu timaidziwa,” anatero. “Amati inu magazi anu ndi madzi.”

Kale ndinkapempha Mulungu kuti andipatse timabala timeneto. Tsopano ndimangomupempha chinthu chimodzi, kuti zikope za mwana ameneyu ndisadzazitseke ndine.