Mpweya m'Mabuleki

Pamzere wathu wa nyumba, a Folowilo timawadziwira miyendo. Nkhope yawo sitiiona kawirikawiri chifukwa kuyambira m'mawa imakhala pansi pa chigalimoto chawo, kunja kukungooneka mawondo a ovolosi ndi nsapato zopanda zingwe. Dzinalo analitengera ku galimotoyo, ija yokoka ndi matayala onse anayi, imene anaiyendetsa zaka zambiri ali dalaivala wa kampani yokumba zitsime. Nthawi yopuma ntchito itakwana, kampani inaona kuti onse awiri atheratu, n'kuwalola kupita nayo kwawo.

Galimotoyo ndi yakalekale, moti nkhuku zinasiya kuipatsa ulemu. Chitseko chakumbuyo amamanga ndi waya, ndipo mpando wa dalaivala unakumbika motsata thupi la mwini wake. Koma injini ikalira imalira bwino, ndikutero ine neba wawo amene imandidzutsa. A Folowilo salola munthu kugwira sipanala zawo. Mabawuti amawatsuka m'dizilo n'kuwandandalika pakatoni monga mmene anawamasulira, ndipo ukawapatsa moni amayankha akamaliza kumanga nati. Si munthu woipa ayi, kungoti mawu amawaumira.

Ntchito imodzi yokha ndiyo inawakanika kugwira okha, yochotsa mpweya m'mabuleki. Imeneyo imafuna anthu awiri. Wina amakhala pampando kupopa buleki ndi phazi, wina pansi kumasula kanati ka kuseri kwa tayala kuti mpweya utuluke pamodzi ndi mafuta. Wopopa anali akazi awo, telala wa makina opalasa ndi mapazi, amene mwendo wawo sunkadziwa kutopa.

"Popani! Gwirani pomwepo!" ankatero bambowo ali pansi.

"Ndagwira," ankayankha mayiwo.

Ife tinkaseka kuti macheza a banja limeneli ndi omwewo basi.

Chaka chatha mayiwo anagwa ndi sitiroko. Kulankhula kunabwerera, koma mwendo wamanja unatsala wolemera. Kuchipatala anawauza kuti aziuyendetsa tsiku ndi tsiku, iwo atafika kunyumba anangogona choyang'ana kukhoma. Makina osokera anafunditsidwa nsalu. Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kumzinda wakutali, anabwera kudzaona, ndipo sanazungulire.

"Ababa, amayi akapanda kuimirira mvula isanayambe, ndidzawatenga. Inu simungathe kuwasamala, mumangodziwa zitsulo."

A Folowilo sanatsutse. Ankadziwa kuti mayiwo akakakhala m'nyumba ya mwana, pomwe chilichonse n'chochitiridwa, sadzabweranso. Bambowo anachita mantha, ndipo anaonda tikuona. Kunyengerera sankakudziwa. Anayesa kamodzi kunena kuti dokotala wati muziyenda, mayiwo anangokoka bulangeti.

Tsiku lina m'mawa ndinawamva a Folowilo ataima pazenera la kuchipinda kwa akazi awo.

"Mayi, mabuleki alowa mpweya."

"Itanani a neba."

"Aja sadziwa kupopa, amaponda ngati akupha njoka."

Ine buleki yawoyo sindinaipondepo n'kamodzi komwe. Patapita kanthawi ndinawaona atanyamula akazi awo, akuwefuka, n'kuwakhazika pampando wokumbika uja. Tsiku limenelo phazi linkangoterereka pabuleki. Bambowo pansi ankafuulabe kuti popani, gwirani, ngati zonse zili bwino, ndipo pomaliza anati mpweya watsalamo, apitiriza mawa.

Mawa lake anapitirizadi, mkuja wakenso. Akamaliza tayala lakumbuyo, lakutsogolo linali litadwala. Ngakhale ine wosadziwa za galimoto ndinayamba kudabwa kuti galimoto yosayenda imamwa mpweya wonsewu kuti. Mayiwo ankadandaula, ankawanena amuna awo kuti akalamba, manja awo sakumanganso nati. Koma ankapopa. Poyamba ankakankhira bondo ndi dzanja, kenako dzanja linabwerera pachiwongolero. Pobwerera kuchipinda anasiya kunyamulidwa, ankangokolowekera mkono m'khosi mwa amuna awo, mwendo ukukwekwereza. Kuimirira paokha ndiko kunali kusanatheke, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana.

Mwana uja anaimba foni kuti akubwera ndi galimoto yodzawatengera. M'mawa wa tsikulo a Folowilo sanapite pazenera. Analowa pansi pa galimoto yawo n'kungogona chagada, sipanala ili pachifuwa, osamasula kanthu. Ine ndinali kuthirira maluwa kumpanda, ndiye ndinaona zimene iwo sanaone. Mayiwo anatuluka okha, dzanja lina kukhoma, lina pamtengo wa mopu. Khoma litatha anaima kaye, n'kudutsa pabwalo pang'onopang'ono. Galimoto zimenezi n'zazitali, ndipo kukwera kunawatengera nthawi, koma sanaitane munthu. Chitseko chinamveka kuti phwa.

"Bambo, muli pansipo?"

Miyendo ya ovolosi ija inauma gwa.

"Mabulekiwa alibe mpweya. Analibe ndi tsiku loyamba lomwe. Mwendo wangawu unafooka, koma sunapuse, ndaiponda buleki imeneyi kuyambira mwana wathu ali kumsana."

Mayiwo anagwira chiwongolero, n'kupitiriza.

"Ndiye tulukani mukasambe. Mwana wanuyo akafika mumuuze nokha kuti sindikupita, musandisiyire ine ngati mmene mumachitira ndi alendo onse."

A Folowilo sanatuluke msanga. Ndinangoona dzanja lakuda ndi girizi likufufuza pansi mpaka linapeza kansanza, n'kulowa nako pansi pa galimoto, komwe kunali nkhope yawo.