Matayala a Bwana Watsopano

Moyo wanga wonse wa udalaivala ndinagwira ntchito kwa bwana mmodzi, kunyamula usipa wouma kuchokera ku Makanjira kupita nawo ku Limbe. Mapepala onse ndili nawo m'sutikesi ya pansi pa bedi: malaisensi akale, kalata yondilembera ntchito, ngakhale tikiti imene apolisi anandipatsa ndisanalakwe. Mlamu wanga wa kwa Mponda, mlongo wa akazi anga, alibe pepala ndi limodzi lomwe. Iyeyo, dalaivala ngati ine, ankasintha mabwana ngati malaya, ndipo paliponse pamene wachoka ankamunyengerera kuti abwerere. Ine palibe anandinyengererapo. Anazolowera kuti ndilipo.

Ndimakumbukira dzinja lina lole yanga itathyoka sipuling'i pa msewu wa ku Makanjira. Ndinatumiza uthenga kwa bwana, kunali zii. Usipa unayamba kununkha pansi pa tenti. Mlamu anandipeza pomwepo ali pa lole yatsopano, natsika, nandipatsa chinangwa chophika.

"Alamu, bwana wanu uja akadali moyo?" anafunsa akutafuna. "Kapena tiyambe kusonkha za maliro?"

Chinangwacho ndinadya.

Chaka chatha mwana wanga wamwamuna, amenenso amayendetsa malole, anabwera kuno ku Nkope atatopa ndi kumene ankagwira. Mabwana awiri ankamufuna: kampani ina ya ku Blantyre yokhala ndi ofesi, ndi munthu wina wa bizinesi wa pa boma amene malole ake amapita ku Mozambique. Ndinasangalala. Ndinatulutsa sutikesi, ndinapukuta magalasi, kuti tiwerenge pamodzi zimene kampani ija inalemba, mzere ndi mzere. Zinali zolembedwa bwino: tchuthi, chipatala, penshoni.

Mwana anamvetsera mwaulemu, kenako anati, "Ababa, mawa ndikufuna ndikaonane ndi amjomba."

Amjomba ndiye mlamu uja. Kwathu kuno mawu a malume amalemera, ndikudziwa, ndipo mwambo sindilimbana nawo. Koma amene anaphunzitsa mwanayu kubweza lole cham'mbuyo pa doko ndine. Malume ake anali kuti?

Mawa lake ndinamutsatira kwa Mponda. Akazi anga anati ndikukadziputira mtima, ine ndinati ndikukagula mankhwala a maso.

Mlamu mapepala aja sanawagwire n'komwe. Anati tipite ku yadi ya munthu wa bizinesi uja, kutsidya kwa Shire, ndipo titafika sanalowe mu ofesi. Anazungulira lole imodzi, n'kugwada, n'kulowetsa chala m'mizere ya tayala. Anayang'ana la sipeya. Anatsegula bokosi kuona ngati jeke ilimo. Kenako anakakhala pa benchi ndi mlonda, mkulu wa ndevu zoyera, ngati anzake akalekale.

"Achimwene, lole ikafera m'njira, bwana wanuyu amayankha foni, kapena imakhala ili pa chaji?"

"Amayankha. Makaniko amanyamuka tsiku lomwelo."

"Nanga dalaivala akamva za maliro ali kutali?"

"Amatumiza wina kukatenga lole. Mwiniwake amakwera basi."

"Lachisanu amalola munthu kuima pa mzikiti? Uyu ndi wa tchalitchi, koma wokaniza Lachisanu amakanizanso Lamulungu."

Mlonda anaseka, nati amalola. Mlamu anafunsanso za kamalo ka dalaivala, kuseri kwa kabini, kamene mabwana ena amalola munthu kuikapo matumba ake a nsomba kuti akagulitse yekha, mlonda nati kaliko. Apo ndinalephera kupirira.

"Zimenezi zalembedwa pati?" ndinatero. "Mawa mlondayu akachoka, mwana wanga akadandaula kwa yani? Kwa tayala?"

"Alamu," iye anayankha osatembenuka, "inu muli ndi sutikesi yodzaza. Inakukankhiranipo lole m'matope?"

Mwana wanga anayang'ana pansi kubisa kumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndi kumene kunandipweteka, osati mawu a mlamu. Ndinapita pa lole ija, ndinagwada ndi mawondo anga ovutawa, ndinalowetsa chala changa. Ndinkafuna ndipeze tayala losalala, limodzi lokha, kuti ndiwasonyeze. Onse anali abwino. Bwana wanga sanandigulirepo tayala mpaka waya ataonekera.

Chimodzi sindinagonje. Ndinauza mwana kuti sakwera lole imeneyo mpaka zonse zimene mlonda wanena zilembedwe ndi kusainidwa. Mlamu anati ndithamangitsa bwana wabwino ndi uklaliki wanga. Bwanayo atabwera anaitanitsa cholembera. Analemba za makaniko, za maliro ndi za kamalo ka nsomba. Za ku Blantyre zinathera pomwepo, pamodzi ndi penshoni imene ine ndinkaifuna.

Pobwerera, titawoloka mlatho wa pa Shire, mwana anandipatsa pepalalo.

"Ababa, sungani ndinu. Amjomba angakulungiremo fodya."

Ndinalisunga. Lili pamwamba pa mapepala anga onse, m'pulasitiki kuti chiswe chisalipeze. Koma mwanayo akafika pa chipata cha Mozambique, foni imalira kwa Mponda. Amakambirana za mabuleki, za apolisi a kumeneko, za malo ogona abwino. Ine nkhani zake ndimazimva kwa akazi anga, iwo atazimva kwa mlongo wawo. Sabata yatha anatumiza thumba la nsomba kuchokera pa kamalo kake kaja. Linafikira kwa amjomba kuti atigawire. Mlamu anabwera nalo yekha pa njinga, naliika pakhonde, nati, "Alamu, mukufuna risiti?"

Ndinati inde.