Anamumanga Katayi Ndani

Adzukulu anga amati ndimakayikira chilichonse. Amati ngakhale mchere wa m'sitolo ndimayamba ndaunyambita ndisanavomere kuti ndi mchere. Sindikana. Iwo sanachapirepo munthu zovala.

Ine zovala za azungu ndinazidziwira ku Kasupe, kumene lero mumati Machinga, nkhondo yaikulu ija itangotha. Amuna anga anali dobi kwa mzungu wina wa boma. Iwo ankachapa ndi kusita, ine ndinkaphika sitachi wa chinangwa. Malaya ambiri ankangolawa sitachi pang'ono. Koma panali malaya atatu oyera amene pachifuwa pake tinkapaumitsa mpaka ukagogodapo palire ngati thabwa. Analibe mabatani. Anali ndi tizibowo mbali zonse ziwiri, ndipo timabatani take tinkakhala patokha m'kabokosi. Malayawo ankayendera limodzi ndi jekete lakuda la silika m'mphepete mwa chifuwa, buluku lakuda la mzere wonyezimira m'mbali, ndi katayi kakuda kamene kakamangidwa kankaoneka ngati gulugufe watera pakhosi.

Zimenezi sizinali zopitira ku ofesi kapena ku tchalitchi. Zinali zodyera. Khukhi wa panyumbapo, amene anaperekezapo bwanayo mpaka ku Beira, anatiuza kuti m'sitima ya pamadzi yopita kwawo mumakhala masiku oikika, ndipo tsiku lotero mwamuna salowa m'chipinda chodyera asanavale chonchi. Akaomba chitsulo, onse amatuluka m'zipinda zawo ngati akhwangwala, thupi lonse bii, pachifuwa mbee. Ndinamufunsa ngati kumakhala maliro. Anati iyayi, ndi nsomba, nyama ndi pudini basi. Mpaka lero ndimati pali chimene sanatiuze. Munthu savala motero chifukwa cha nsomba.

Bwanayo ankavala zimenezi pakabwera alendo ochokera ku Zomba. Ine ndinkapereka malaya pakhonde lakuseri, ndipo zenera la kuchipinda kwawo linali pomwepo. Zonse ankavala yekha, koma zikafika pa katayi ankaitana. Dona, mkazi wake, ankabwera, iye n'kukweza chibwano ngati nkhuku ikumwa madzi, mayiyo n'kumanga, n'kukoka mapiko a gulugufe uja kuti afanane. Chaka chimene dona anakabereka mwana ku Zomba, ndinamuona bwanayo akulimbana ndi katayiko pagalasi mpaka nkhope kufiira, kenaka anakaponya pabedi n'kutumiza uthenga kuti wadwala malungo. Ndinasunga mumtima kuti kanthu aka mwamuna sadzimanga yekha. Ukakaona pakhosi kali bwinobwino, pali mkazi amene anaima patsogolo pake.

Mzunguyo atasamutsidwa tinabwerera kwathu ku Rivirivi kukalima thonje. Amayi anali atamwalira, ndiye mng'ono wanga wamkazi, chitsirizira m'mimba mwathu, ankakhala ndi ine. Anali wosekaseka, wokhulupirira aliyense womupatsa moni.

Ndiye kunabwera mwamuna uja. Mng'ono wangayo anaonana naye ku Balaka pa msika wa thonje. Anali wa tsidya la Shire, koma anakhalitsa ku Beira, ndipo ankati amagwira ntchito ya ukalaliki m'sitima za pamadzi. Atsibweni ake atabwera kudzaonana ndi amalume athu, sananene za chikamwini, zoti mwamuna adzamange nyumba kwathu monga timachitira. Anapempha chitengwa. Ankafuna kumutenga mwanayo kupita naye ku Beira. Ine ndinkadziwa akazi awiri a m'mudzi mwathu amene anakwera sitima ya pamtunda ya ku Beira pa chitengwa chotero. Wina anakapeza mkazi wamkulu ali ndi ana anayi, n'kusanduka wotungira madzi. Winayo sitinamvenso za iye. Amalume anati tiyambe tamuona munthuyo.

Anabwera masana, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinamuona ali kutali, akutsika ku dooko, nsapato zili m'manja. Atawoloka anakhala pamwala n'kuvala. Atafika pabwalo maso onse anali pa iye. Jekete lakuda la silika m'mphepete, malaya ouma pachifuwa, gulugufe pakhosi. Amalume, amene sankaimirira munthu wamba, anaimirira n'kumupatsa mpando wawo.

Anayankhula bwino, sindingamunamizire. Anati m'sitima umadya ndi mipeni itatu. Anati tsiku la suti yakuda mkulu wa sitima amakhala pa tebulo lapakati, ndipo iye anakhalapo pafupi naye kawiri. Mng'ono wanga ankamvetsera ali kuseri kwa nkhokwe, chala chili pakamwa. Ine ndinkayang'ana zovala. Manja a jekete anali atafupikitsidwa, ulusi wake unali watsopano. Sitachi wa malaya anali wa masiku awiri kapena atatu, osati wochokera ku Beira. Ndipo katayi kanali komangidwa bwino kuposa mmene dona ankamangira, mapiko ofanana, mfundo yaing'ono pakati.

Mlamu amaseweredwa, aliyense amadziwa. Ndinatenga madzi osamba m'manja, n'kugwada patsogolo pake.

"Alamu, mukusungunuka ngati mafuta a nkhumba. Vulani kanthu ka pakhosika mupume."

"Zikomo alamu, tinazolowera. M'sitima sitivula mpaka titatha kudya."

"Sitima yake iti pano? Rivirivi waphwa, wangotsala mchenga."

Anthu anaseka, nayenso anaseka. Ali pakati pa kuseka ndinagwira nsonga imodzi ya katayiko n'kukoka. Kanamasuka kamodzin'kamodzi, n'kulendewera pachifuwa ngati lilime la galu.

Amalume anandiyang'ana ndi diso loipa. Ndinapepesa. Ndinati manja anga ndi a khasu, ndimafuna kungoona ngati ndi silika weniweni. "Mangani alamu, ife tiphunzire."

Anayesa. Anapingasa uku, n'kulowetsa uku. Koyamba kanamasuka kokha. Kachiwiri anamanga mfundo yomangira mbuzi pachikhomo. Kachitatu anati popanda galasi n'kovuta. Mng'ono wanga anathamanga kukatenga kagalasi kake kosweka, n'kumugwirira, koma sizinathandize. Pomaliza anakapinda n'kukaika m'thumba, nati kwatenthadi.

"Nanga m'mawa uno anakumangani ndani?" ndinafunsa.

"Ndinamanga ndekha, koma modekha, osati anthu akundiyang'ana."

Alendo atapita mng'ono wanga anandipeza kukhitchini akulira. "Achemwali, mwandichititsa manyazi. Inu simufuna kuti ndione nyanja. Mukufuna ndife ndi thonje m'mphuno ngati inu."

"Ali ndi mkazi," ndinatero. "Ndipo mkaziyo sali ku Beira. Ali pa Balaka pompa, anamumanga m'mawa uno."

"Munamuona?"

"Ndinaona ntchito yake."

Amalume anati zimenezo si umboni wobweretsa pamaso pa ankhoswe. Anandipatsa masiku atatu. Ndikapanda kubwera ndi china chogwirika, avomera chitengwa.

M'mawa mwake ndinauyamba wa ku Balaka, mwana ali kumsana. Sindinafunse amuna kumene mlendo wa suti yakuda ankagona, chifukwa amuna amabisirana. Ndinafunsa amayi ogulitsa zitumbuwa pa siteshoni. Onse ankamudziwa. Anati amagona kuseri kwa sitolo ya mmwenye wina, m'kanyumba ka telala amene amasoka pakhonde. Za mkazi anati sanamuone, koma wina anawonjeza kuti mkazi wobisika saonekera pa siteshoni.

Ndinayamba ndazungulira kuseri. Pachingwe panali malaya aamuna okhaokha. Pamafuwa panali mphika umodzi wosatsukidwa kunja kwake, ndipo mkazi sasiya mphika wotero. Ndinasuzumira pakhomo: mphasa ziwiri, bokosi lachitsulo, jekete lija litapachikidwa pamsomali. Panalibe mpango, mkanda kapena chipande.

"Mwataya chiyani, mayi?"

Anali telalayo, bambo wachikulire wa kofiya yoyera, tepi ili pakhosi. Sindinazungulire. Ndinamuuza kuti ndine mkulu wake wa mtsikana wa ku Rivirivi, ndipo ndikufuna mkazi amene anamanga katayi dzulo.

Anaseka mpaka kukhosomola. "Mkazi wake ndine, mama. Ndevu zonsezi."

"Mwamuna samanga kanthu kaja."

"Anakuuzani ndani?"

"Ndinaona ndi maso ku Kasupe, zaka zinayi."

"Munaona nyumba imodzi. Ine ndinavalika azungu atatu ndisanagule makina awa. Awiri analibe akazi. Mukuganiza ankadya osavala?"

Sindinamukhulupirire. Ndinamuuza kuti amange ndione. Analowa, n'kutulutsa katayiko m'thumba la jekete, n'kukhala pa mpando wake pakhonde. Anakazunguliza pa bondo lake, chifukwa akuti bondo ndi khosi n'zofanana kukula, ndipo ndisanaphethire kawiri gulugufe anali atatera. Mapiko ofanana, mfundo yaing'ono pakati. Inali ntchito yomwe ija.

Ndinakhala pansi pakhondepo. Manyazi ndinamva, koma sanandilepheretse kufunsa. Ngati munthu amavala zimenezi masiku onse oikika m'sitima, bwanji sadziwa kumanga? Telalayo anayamba kupalasa makina ngati sanamve. Ndinati ndikhala pomwepo mpaka mmwenye adzafunse chimene ndikufuna. Analeka kupalasa.

Anati jeketelo linali la mzungu wina wa ku esiteti amene anabwerera kwawo n'kulisiyira khukhi wake. Mnyamatayo analigula kwa khukhiyo, telalayo n'kulifupikitsa manja. M'sitima mnyamatayo anagwiramodi ntchito, zimenezo sizinali bodza, koma osati ya ukalaliki. Ankasenda mbatata ndi kutsuka mbale pansi, kumene kulibe mphepo. Pa chitseko cholowera kodyera panali kazenera kozungulira, ndipo tsiku la suti yakuda ankasinthana ndi anzake kusuzumirapo.

"Anaona anthu akulemekezeka chifukwa cha nsalu," anatero telalayo. "Anaganiza kuti akabwera ndi manja otupa ndi sopo, simumupatsa mwana wanu. Ndi mwana wabwino, sakumwa, sakuba."

"Nanga mkazi ku Beira?"

"Sanandiuze za mkazi."

"Sindinafunse zimene anakuuzani."

"Ndiye pitani ku Beira, mama. Sitima imabwera Lachinayi."

Ndinabwerera ndilibe mkazi woti ndimuonetse, koma ndinali ndi bodza limodzi logwirika. Tsiku lachitatu ankhoswe anakumana pansi pa mtengo wa bwemba. Mwamunayo anabwera atavala malaya a kaki. Telala ayenera kuti anamuuza. Sindinanene za mbatata pamaso pa anthu, ndinawauza amalume patokha, ndipo iwo anangomufunsa kuti, "Tamva kuti ntchito yanu m'sitima inali ina." Anaweramitsa mutu n'kuvomera.

Amalume anati munthu amene wanama pa chovala sangapatsidwe mwana kupita naye kumene maso athu safika. Ngati akumufunadi, amange nyumba pano, alime munda umene timupatse, tione manja ake. Ine ndinali wotsimikiza kuti akana. Munthu wa mkazi kwina sakanavomera. Ndinali nditakonza kale mawu omutonthozera mng'ono wanga.

Atsibweni ake anayamba kudandaula kuti mwana wawo wazolowera za m'tauni. Iye anawadula. Anafunsa kuti munda wake ndi uti, ndipo ngati angabwereke nkhwangwa mawa.

Mng'ono wanga sanandiyankhule miyezi iwiri. Nyanja sanaione mpaka imfa yake, ndipo nthawi zina tikamatola thonje ankandikumbutsa. Koma anabereka ana asanu ndi awiri ine ndili pambali pake, ndipo manda ake ali pamene ndingafike ndi ndodo yanga. Mwamunayo anakhala mkamwini wathu zaka zoposa makumi atatu. Anamanga nyumba, anafolera nkhokwe yanga kawiri, sanamukwezere dzanja mkazi wake. Jekete lija analivala pa ukwati wawo ku tchalitchi, telala uja atabwera pa njinga kudzamumanga, kenaka njenjete zinalidya m'bokosi.

Anthu amati ndinamulakwira. Kapena. Koma munthu amene wakhala zaka ku Beira, n'kuvomera kusiya zonse asanamalize n'komwe kumva funso, amakhala akuthawa chinachake. Kalata iliyonse yobwera m'dzina lake ndinkayamba ndaipititsa kwa aphunzitsi a ku mishoni kuti andiwerengere. Zinabwera zinayi pa zaka zonsezo, zonse zochokera kwa atsibweni ake. Akapita ku Balaka kukagulitsa thonje ndinkafunsa amayi a pa siteshoni ngati anaima kuyang'ana sitima ya ku Beira. Anati ankaima. Sanakwere, koma ankaima mpaka itapita.