Chaka Chimene Tinkakonza Mfuti Kumunda

Tsiku limene ndinabwera nayo mfuti ija ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone mmene mwamuna wawo wasinthira. Anali pakhonde akusoka fodya, ndipo anabwera singano ili m'manja. Ndinaima pakati pa bwalo nditatangadza miyendo ngati munthu wa pa chithunzi cha pa katoni ya mfutiyo, n'kuloza mtengo wa mango. Kenako ndinadina kabatani kolakwika. Kabokosi kosungira zipolopolo kanapulumuka kunsi kwa chogwirira, n'kundigwera pa chala chachikulu cha kuphazi, tizipolopolo tonse mbwee pansi. Nkhuku zinathamangira.

"Ndiye yawomba?" anafunsa mayiwo.

"Ayi, ndimangoyesa."

"Chabwino. Koma nkhuku zikudya zida zanu."

Ndifotokoze msanga kuti sinali mfuti ngati za apolisi. Inali kamfuti ka m'manja koyendera mpweya. Mpweyawo umakhala m'kabotolo kachitsulo kotalika ngati chala, ndipo tizipolopolo take n'tofanana ndi nthanga za therere. Chimene chinandikopa n'chakuti ukawomba kamodzi, msana wake umabwerera m'mbuyo wokha n'kukankhira chipolopolo china pamalo, iwe n'kumangokoka chala. Mwini sitolo ku Kasungu pa boma, mkulu wa ndevu zoyera amene anali atangochokera ku mzikiti, anandisonyeza kuseri kwa sitolo yake. Tha, tha, tha, chitini n'kumavina. M'manja mwake, moyera bwino muja, mfutiyo inkamvera ngati mwana wa mlendo. Nkhumba yathu inathera pamenepo.

Chifukwa chake chinali apusi. Munda wathu wa chimanga uli kumtunda, m'malire ndi nkhalango, ndipo chaka cham'mbuyo apusi anatigawira chimanga chathu chomwe: iwo chochuluka, ife chotsala. Mvula yoyamba inatipeza nkhokwe ili mbee, ndipo mayi a kunyumba anakapalira minda ya eni kuti tipeze ufa. Sanandinene, koma ndinaona mmene ankabisira manja awo alendo akabwera. Vuto la kuno n'lakuti chimanga chimayamba kukoma nthawi yomweyo imene fodya akufuna munthu aliyense wa pakhomo: kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa. Wolondera chimanga amasowa. Nzeru yanga inali yoti ndizithyola fodya m'mawa, n'kuthamangira kumtunda, tha, tha, tha, apusi n'kuthawira ku Zambia, ine n'kubwerera ku fodya.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerenga sindinaleke. Ndimawerenga chilichonse, ngakhale thumba la feteleza ndimalitembenuza kuti ndione ngati kumbuyo kuli zina. Choncho kabuku ka Chingerezi kamene kanabwera ndi mfuti ndinakawerenga konse, mothandizidwa ndi dikishonale yanga yopanda chikuto. Ndinadziwa dzina la kachitsulo kalikonse. Kabatani kamene kanandipweteka chala kaja ndinali nditakawerenga bwino lomwe, kungoti pa chithunzi kanali mbali inayo.

M'mawa mwake ndinathyola fodya mizere ingapo, n'kupukuta manja pa buluku, n'kukwera kumtunda. Apusi ndinawapeza atafika kale, ali mumtengo wa muwanga m'mphepete mwa munda, akudikira kuti dzuwa liumitse mame. Wamkulu wawo anali ndi khutu long'ambika ndi nkhope ya munthu amene wakhalapo m'makomiti ambiri. Ndinaloza m'mwamba, pakuti cholinga chinali kuopseza basi. Tha. Ndinakokanso chala. Zii. Msana wa mfuti unali utaima pakatikati, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo. Ndinaukankha ndi chala, n'kuwombanso kamodzi, n'kuimanso pomwepo. Wa khutu long'ambika uja anatsika nthambi imodzi kuti aone bwino.

Ndinakhala pa chulu n'kutsegula kabuku. Ndili pomwepo anatulukira aneba anga, amene munda wawo wa chimanga uli kutsidya kwa khwawa. Ali mnyamata anatsukako mbale pa malo ogona alendo a ku Lifupa, m'nkhalango yosungira nyama, kumene ankaona alonda a nyama akudutsa ndi mfuti paphewa, ndipo kuyambira pamenepo nkhani iliyonse ya mfuti m'mudzi mwathu imathera kwa iwo. Nawonso anali atangochoka mu fodya.

"Achimwene, ndamva kulira kwa chinthu."

"Ndi iyi, koma yangolira kamodzi."

"Tatiyeni tione."

Kwathu kuno munthu akabwera kudzaona chinthu chatsopano, sumuonetsa chili m'manja mwako ngati ukumuganizira kuba. Umampatsa ndi manja awiri, achitembenuze, achiyese kulemera, anenepo mawu. Ndinachotsa kabokosi ka zipolopolo, nthawi ino mwadala, n'kuwapatsa. Anaisisita paliponse, anasuzumira, anainunkhiza.

"Ili ndi ludzu," anatero. "Za ku Lifupa zinkamwa mafuta."

Mafuta a makina panalibe, ndiye tsiku lotsatira ndinabwera ndi ophikira m'kabotolo ka mankhwala. Tinaidontheza. Inawomba kawiri motsatizana, aneba n'kuvula chipewa, kenako inaimanso. Titaisiya pa chulu kuti ipume, nyerere zinaipeza. Zinalowera kukamwa kwake n'kumatulukira ku chogwirira, mwadongosolo, ngati zinawerenga kabuku kaja kuposa ine. Madzulo onse tinathera kupemerera mfuti.

Mbiri inayenda. Tsiku lachitatu lake kapena lachinayi kunabwera wokonza njinga wa pa msika, amene nayenso amalima fodya, ndi zitsulo zake m'thumba la shuga. Iye anati sipuling'i yatopa ndi ulendo wochokera kutali. Anaphwasula mfuti pa chitenje, ndipo sipuling'iyo, pofuna kusonyeza kuti sinatope, inadumpha n'kukagwera m'chimanga. Amuna akuluakulu, ena a zidzukulu, tinakwawa m'mizere ndi maondo. Nditatukula mutu ndinaona apusi onse atandandalika pa nthambi, chete, ana ali pamimba pa amayi awo. Ndikukhulupirira kuti m'mbiri yonse ya mtundu wawo anali asanaonepo zotere.

Sipuling'i inapezeka m'kapindo ka buluku la aneba. Titabwezera zonse panatsala kachitsulo kamodzi, ndipo tinagwirizana kuti a ku fakitale anaikamo kapadera.

Kuyambira pamenepo chulu chija chinasanduka bwalo. Anthu ankathyola fodya m'mawa, dzuwa likakwera n'kubwera kumtunda kudzaona ngati mfuti yachira. Aliyense wofika ndinkampatsa ndi manja awiri, iye n'kuitembenuza, n'kukoka msana wake, n'kupereka kwa mnzake. Ndipo tsiku lililonse inkalimbirako. Poyamba msanawo unkaima pakati, kenako unayamba kukana n'kusuntha komwe, moti pokoka tinkagwirizana awiri. Mkulu wa mpingo wathu anati chinthucho anachipangira dziko lozizira, tizichisunga pamthunzi ndi kuchifunditsa nsalu yonyowa. Tinachita. Mkulu wina amene bambo ake anali ndi gogodela, mfuti ya makedzana yothira onga kukamwa, anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti mwina mayi a kunyumba anaidumpha ili pansi.

Funsolo ndinakalipereka madzulo, mwaulemu.

"Ine kudumpha mfuti?" anatero mayiwo. "Abambo, ine ndikudumpha mitolo ya fodya imene munaisiya pakhomo. Mfuti yanu ndiipeza nthawi yanji?"

Ndinkayembekeza kuti anditsekereza kupita kumtunda, pakuti fodya ankathyola ndi mng'ono wawo, ine ndikungoonekera m'mawa. Koma tsiku lina anakwera okha kudzaona mundawo. Anayenda m'mizere yonse akugwira chitsononkho apa ndi apo, n'kuyang'ana gulu la pa chulu, n'kuyang'ana mumtengo. M'mawa mwake ananditsanzika ndi chigubu cha thobwa.

"Kawapatseni alendo anu. Asamachoke msanga."

Ndinaganiza kuti ayamba kulemekeza sayansi.

Thobwa litafika, anthu anawonjezeka. Wina anakumba maenje a bawo kuseri kwa chulu. Mayi wina anayamba kubwera ndi zitumbuwa. Panapondeka njira yoonekeratu kuchokera kumudzi, ndipo munthu wina wa ku Simlemba amene ankangodutsa pa njinga anaima, nayenso n'kupatsidwa mfuti ndi manja awiri. Iyeyo anati vuto ndi mpweya wa m'kabotolo, wakhalitsa, ndipo anafunsa ngati sitingapopere wina wa kuno ndi pampu ya njinga. Wokonza njinga anakhumudwa kuti nzeru imeneyi sinayambire kwa iye, moti anaitsutsa mpaka dzuwa kupendeka.

Loweruka lina mfutiyo inali itayamba kununkha mafuta owola, ndiye ndinaipukuta yonse ndi parafini, mkati ndi kunja, kuti mayi asaitulutse m'nyumba. La Sabata titaweruka ku tchalitchi, anthu angapo anandiperekeza kumtunda tili m'majekete, titasamba bwino, pakuti tsiku limenelo fodya sakhudzidwa. Mfuti inazungulira m'manja mwa onse monga mwa masiku onse. Itabwerera kwa ine ndinaloza kumwamba mopanda chiyembekezo. Tha, tha, tha, tha, mpaka kabokosi kutha.

Tonse tinayang'ana mkulu wa mpingo.

"Lero ndi la Sabata," anatero pang'onopang'ono. "Muiike m'thumba."

Lolemba kunabwera khamu. Mfuti inadutsa m'manja mwa aliyense kuti aone chozizwitsa, ndipo itafika kwa ine inawomba kamodzi n'kuima pakati. Mkulu wa mpingo anati m'moyo wake anaonapo anthu ogwira ntchito masiku onse kuphatikizapo la Sabata, koma chinthu chogwira ntchito la Sabata lokha chimafunika kuchiganizira mofatsa. Wa gogodela uja anagwedeza mutu ngati akudziwa zambiri zimene sanganene pagulu. Nkhani imeneyi yokha inatidyera masabata.

Yankho silinabwere kuchokera m'kabuku. Masana ena ndikufotokozera anthu mfundo, ndinatambasula dzanja kuti nditsindike mawu, ndipo mfuti sinagwe. Inangokhala yomatirira pachikhatho changa. Ndinagwedeza dzanja, iyo n'kumalendewera. Ndinayang'ana zala zanga, zakuda bii ndi utomoni wa fodya, uja umatimata tikamathyola masamba, woti sopo amachita kuupempha kuti uchoke. Ndinayang'ana manja a aneba, a wokonza njinga, a mkulu wa mpingo. Onse chimodzimodzi. Munthu aliyense amene anabwera kudzachiza mfutiyo ankaisiyira utomoni wa m'munda mwake, ndipo ine ndinkaipereka kwa wotsatira ndi manja awiri. M'tinjira ta msana wake munali phala lakuda la fodya wa mudzi wonse, ndi wa ku Simlemba pang'ono.

Ndinaipukuta ndi parafini pomwepo, n'kusamba m'manja ndi mchenga wa kukhwawa. Aneba anatambasula dzanja kuti aione. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinamana mkulu chinthu, ndipo ndinamva manyazi mpaka m'makutu. Ndinaloza pamwamba pa muwanga n'kuwomba zonse motsatizana, bwinobwino, ngati kuseri kwa sitolo kuja.

Palibe anawomba m'manja. Kulira kwake, titakumva kopanda mkangano, kunali ngati munthu akuthyola tinkhuni. Apusi sanasunthe. Wa khutu long'ambika anadzikanda pamimba, n'kuyang'ana gululo ngati akufunsa kuti kodi msonkhano watha. Ndipo unathadi. Wa zitumbuwa anasenza beseni lake, a bawo anatola nkhomo zawo, wokonza njinga ananena kuti iye ankadziwa kuyambira pachiyambi koma sanafune kudula anzake.

Nditatsala ndekha m'pamene ndinayang'ana munda. Masabata onsewo maso anga anali pa mfuti. Chimanga chinali chitauma, makoko ayera, zitsononkho zazikulu zitaweramira pansi, mzere uliwonse wathunthu mpaka m'malire mwa nkhalango. Pusi sangalowe m'munda mmene muli amuna khumi ndi kaya angati akukangana kuyambira pamene mame auma mpaka madzulo. Thobwa lija ndinalimvetsa nditaima pomwepo. Sabata yomweyo tinadula chonse, mayi ndi mng'ono wawo ndi ine, n'kututa pa ngolo. Nkhokwe inadzaza mpaka tinachita kupondera, ndipo chaka chimenecho mayi a kunyumba sanapalire munda wa munthu.

Tsiku lomaliza kututa ndinaoloka khwawa kukabweza chikwanje cha aneba. Ndinawapeza ataima pakati pa munda wawo, manja kumbuyo. Mapesi anali othyokathyoka, makoko ali mbwee, zitsononkho zolumidwa kamodzi n'kutayidwa. Apusi aja akatopa kutionera ankatsika mbali inayo ya mtengo n'kukadya kwa munthu amene anali kalikiliki kundithandiza. Ndinawapatsa chikwanje chawo. Ndinangoti ngolo imodzi ya chimanga ibwera kwawo mawa, ndipo mayi avomereza kale, ngakhale ndinali ndisanawafunse.

Aneba anatola chitsononkho chimodzi, anachitembenuza monga ankatembenuzira mfuti, n'kuchiponya.

"Ngoloyo ibwere, achimwene, sindikana," anatero. "Koma chaka cha mawa mfuti ija musaitsuke. Mudzabwere nayo kuno tidzaikonzere kumunda kwanga."