Sukulu ya Tayiga

Ndikamasinja tsabola wa kambuzi ndimakumbuka Tayiga, galu wathu kwa Malemia. Akuba atatithera nkhuku, bambo anayamba kumuphunzitsa ukali. Ankamuthirira tsabola ndi mavu osinja m'phala la gaga, n'kumumangirira pamtengo tsiku lonse. Ine ndinkayesa tsabolayo ndi amene amauza galu kuti wakuba ndi uyu, mwini khomo ndi uyu.

Loweruka lina bambo anachokera ku Songani atavala jekete yatsopano. Tayiga anadula chingwe n'kuwang'amba mwendo.

"Amake mwana, gwirani chilombochi!" anakuwa.

"Pepanitu bambo," anatero amayi akutsuka balalo ndi sopo, "koma sukulu yanu ija wakhoza."

Bambo anakabayidwa majakisoni a chiwewe pamimba, nkhuku zikubedwabe. Wanga galu ndimamuphunzitsa mofatsa, kausipa kali m'manja. Tsabola timadya eni ake.