Ndinadzudzula a ku Finland, ine ndikubisa zomwezo

Inu owerenga, kulakwa kwanga n'kwakuti ndinadziwa. Ndinali ndi masiku awiri oti ndilankhule, koma ndinatseka pakamwa, ndipo munthu anafa.

Ndimakhala ku Makandanyama kuno ku Kabwe. Ndili ndi setifiketi ya uphunzitsi, ndipo nthawi imeneyo ndinkaphunzira ndili pakhomo kuti ndipeze dipuloma, mwana wanga Taonga ali wakhanda. Tinapatsidwa ntchito yolemba za chisankho cha aphungu ku Finland mu 1930, chimene chinachitika nthawi yake isanakwane, nyumba ya malamulo itathetsedwa. Chimene chinandikhudza n'chakuti m'miyezi imeneyo anthu ena ankagwira otsutsana nawo, kuwaponya m'galimoto, n'kukawataya kumalire ndi Russia. Ndinalemba mokwiya. Ndinati olakwa sanali ogwira okha ayi, komanso eni magalimoto ndi onse amene ankaona n'kuyang'ana kumbali.

Sabata yomweyo kwathu kunali kampeni ya chisankho chapadera cha khansala. Amuna anga ankayendetsa minibasi. Lachitatu masana atabwera kudzadya, anandiuza kuti anyamata a chipani china akufuna basi yawo Lachisanu, akachotse munthu wina m'tauni mpaka kuvota kudutse. Munthuyo anali ba Mulenga, a nyumba yachitatu kuchokera pathu, amene mbali inayo inawasankha kukayang'anira mavoti.

"Atate a Taonga, si a mpingo wathu amene aja?" ndinafunsa.

"Iwe, palibe adzawamenye. Tikangowasiya kuthengo kutsogolo kwa tauni ya Kapiri, adzabwera okha. Ndikakana, pa siteshoni sindidzanyamulanso munthu."

Ndinachita mantha, ndisaname. Ndinaganiza za mwana, za anyamata aja amene amadziwa khomo la aliyense. Ndinadziuza kuti n'zandale, si za ine.

Lachinayi akazi awo a ba Mulenga, bana Chola, ndiko kuti amake Chola, anabwera kudzandigwirira Taonga kuti ndimalize kulemba. Tinkazolowerana chifukwa jakisoni wa matenda a shuga wa amuna awo ankamusunga mu filiji yathu, poti iwo analibe. Anakhala pakhonde akuseweretsa mwana, akundiseka kuti ndikuvutika ndi azungu a kudziko la chisanu pamene matewera ali mbwee m'beseni. Kawiri konse ndinafuna kuwauza za Lachisanu. Ndinangopitiriza kulemba.

Lachisanu m'mawa anyamata aja anawagwira ba Mulenga akudikira basi. Masana bana Chola anabwera kudzatenga jakisoni, akudandaula kuti bamboyo sanabwerere ndipo foni yawo siikupezeka. Ine ndi manja angawa ndinatsegula filiji n'kuwapatsa botolo lija, ndikudziwa kuti mwiniwake ali kuthengo opanda mankhwala, opanda chakudya. Apo ndiye panali poti ndigwade n'kuulula. Ndinangoti mwina achedwa kumsonkhano.

Ndinakaulula kwa bana Chola Loweruka madzulo, mtima utakana kupirira, ndipo nkhani inafika kupolisi. Amuna anga analozera apolisi malowo, koma ba Mulenga anali atachokapo, akuyesa kufuna msewu. Anawapeza ootcha makala Lamlungu, atakomoka. Anamwalira kuchipatala patapita masiku atatu.

Lero amuna anga ali kundende ya Mukobeko. Amene anawatuma sanabwereko ngakhale kamodzi kudzawaona. Taonga wayamba kulankhula, ndipo akaona minibasi iliyonse amaloza n'kuti atate. Sindidziwa chimene ndidzamuuze akadzakula.

Maliro atatha ndinapita kwa bana Chola kukapepesa. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, mwinanso kumenyedwa, ndipo zikanandipepukira. Koma iwo anangoti:

"Amake Taonga, sindikanapita kupolisi, sindikanatchula amuna anu. Mukanandinong'oneza Lachinayi lija, ndikanangowatsekera m'nyumba tsiku limodzi basi."

Chitseko chimodzi, tsiku limodzi. Ndi zokhazo zimene zinkafunika.

Inu amayi anzanga, makamaka inu amene amuna anu ali ndi basi, taxi kapena njinga yamoto, nyengo ya mavoti ikafika funsani kumene galimoto ikupita ndi amene akukanyamulidwa. Mukamva dzina la munthu, musadikire kuti mulimbe mtima, chifukwa mtima sulimba msanga. Pitani mukunjenjemera choncho, mukagogode pakhomo pake tsiku lomwelo. Ine ndinakagogoda Loweruka, ndipo pakhomopo pano pali mayi wamasiye.