Chilonda chimene chinapola chokha

Chinayamba ngati kachilonda kakang'ono kumalo obisika, kozungulira, kolimba m'mbali, kosapweteka ngakhale pang'ono. Ndinakaona mu Januwale, tili pakati powokera mpunga ku sikimu kwathu kuno ku Bwanje. Amuna anga, bambo a Tamanda, anali atangobwerera ku Joni kumene amagwira ntchito m'minda ya zipatso. Anabwera kudzadya Khirisimasi, ndipo pochoka anandisiya ndi pakati, ngakhale pa nthawiyo ndinali ndisanadziwe.

Poyamba ndinati mwina ndi matope, poti powokera timakhala m'madzi tsiku lonse. Koma kachilondako sikanachoke msanga, ndipo malo ake anali ochititsa manyazi kukaonetsa munthu. Choncho ndinakapereka kwa Iye amene palibe chobisika pamaso pake. Ndinasala kudya, ndinagwada, ndinalira. Patapita masabata angapo kanauma n'kupola, osasiya ndi chipsera chomwe. Lachinayi lotsatira ndinaimirira pa mapemphero a amayi ku tchalitchi, n'kuchitira umboni kuti Ambuye andichiritsa nthenda yobisika. Amayi analulutira, tinaimba. Ndinkanena zoona monga momwe ndinkazidziwira.

Mvula ili pafupi kutha, ndinatuluka timadontho tofiirira m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, tosayabwa. Thupi linkatentha madzulo, mutu unkawawa, tsitsi linkathothoka ndikamapesa. Ndinati ndi zovuta za pakati, ndipo ndinangogula timapiritsi ta mutu pa okala. Nazonso zinatha zokha. Ku sikelo ndinali ndisanayambe. Kwathu kuno pakati sitionetsera msanga poopa maso a anthu, komanso ndinati ndiyambe ndamweta mpunga, ndapuntha, ndauika m'matumba, poti ndinali ndekha pakhomo.

Mu Julayi, mimba ili m'mwezi wachisanu ndi chiwiri, mwana analeka kugunda. Ndinaswera ndikusisita mimba ndi kumwa madzi ozizira kuti mwina adzidzimuka. Kunali zii. Mawa lake ndinakwera kabaza kupita ku chipatala chathu chaching'ono. Namwino anamvetsera pamimba nthawi yaitali, nasuntha kachitsulo kake, namvetseranso. Kenako anati, "Mayi, mtima wa mwana sindikuumva. Tikutumizani ku boma."

Ku chipatala chachikulu ndinadikira pa benchi, apongozi anga ali pambali ndi kathumba ka zitenje. Dzuwa litapendeka anandiunika n'kutsimikiza kuti mwana anali atafa kale. Anandipatsa mankhwala oti ndibereke. Ndinamva zowawa zonse zimene mayi amamva, ndikudziwa kuti pamapeto pake sipamveka kulira kwa khanda. Pa mabedi oyandikana nane ana a anzanga ankalira ndi kuyamwa. Wanga anali wamwamuna. Apongozi anamukulunga m'chitenje n'kupita naye kumudzi. Mwana wobadwa wakufa timati mtayo, ndipo salira maliro: amakaika amayi okhaokha, popanda bokosi, popanda nyimbo, popanda mlaliki. Pamene ankamuika ine ndinali ndikadali pa bedi, mawere atadzaza mkaka.

Ndisanatuluke ananditenga magazi. Namwino wina wachikulire anakhala m'mphepete mwa bedi langa n'kundiuza motsitsa mawu kuti magaziwo aonetsa chindoko. Anandifunsa ngati ndinakhalapo ndi chilonda. Ndinayankha kuti chinalipo, koma Mulungu anandichiritsa kalekale. Sanandiseke.

"Inenso ndimapemphera, mayi," anatero. "Koma chilonda cha chindoko chimapola chokha, munthu apemphere asapemphere. Pamwamba pamauma, nthenda n'kulowa m'magazi, mpaka kukafika kwa mwana. Mukanabwera miyezi yoyambirira, jakisoni akanamupulumutsa."

Mawu amenewo anandilemera kuposa mtembo umene ndinabereka. Kwa masiku ambiri ndinkagwada koma pakamwa osatuluka kanthu.

Namwinoyo anandifotokozera kuti chindoko sichichokera m'matope, m'chimbudzi kapena pa kapu yomwera madzi. Chimafala pogonana, ndiponso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana amene ali m'mimba. Munthu akhoza kukhala nacho zaka akuoneka wathanzi. Anatinso chilonda chotere chimatsegulira khomo kachilombo koyambitsa Edzi. Anandiyeza, ndipo sanakapeze. Anandilembera majakisoni atatu, kamodzi pa sabata. Ndi mankhwala olemera, obaya m'thako, ndipo ndinkatuluka m'chipindamo ndikutsimphina. Pomaliza anandichenjeza kuti, "Bambo akapanda kubayitsa, inuyo mwabayitsa pachabe. Adzakupatsaninso."

Bambo a Tamanda atamva uthenga anabwera. Ndinawaona akulira kuseri kwa nkhokwe. Koma nditatchula za chipatala anasintha nkhope.

"Ine ndikudwala chiyani? Taonani thupi langali. Mukufuna Bwanje yense azindiloza chala?"

Pa ukwati wathu alangizi a ku mpingo anandiphunzitsa kuti mkazi sakaniza mwamuna wake kuchipinda, ndipo zaka zonsezi ndinasunga mawu amenewo. Tsiku limenelo ndinanyamula mphasa n'kukayala kumene amagona mwana wathu woyamba, Tamanda. Apongozi atazindikira anandiitanira pakhonde. "Mwamuna wachoka kutali, inu mukumufulatira? Akakapeza wina mudzati wamuthamangitsa ndani?" Sankanama. Mabanja ambiri kuno atha chifukwa cha zochepa kuposa zimenezi, ndipo ndinkadziwa kuti langanso likhoza kutha. Ndinaopa. Koma ndinali nditaona nkhope ya mwana wanga asanamukulunge.

Ndinawauza amuna anga kuti, "Bambo a Tamanda, sindikukufunsani kumene munakazitenga. Zimenezo mukambirana ndi Mulungu wanu. Koma mimba yangayi isakhalenso manda."

Tinakhala m'nyumba imodzi ngati alendo, tikulankhulana za mchere ndi mbuzi basi. Tsiku lawo lobwerera ku ntchito linkayandikira, ndipo ndinaganiza kuti achoka chomwecho osadzabweranso. M'masiku amenewo m'pamene pemphero linabwerera pakamwa panga, ndipo silinali lalitali. Ndinkangoti, Ambuye, fewetsani mtima umenewu. M'mawa wina ndinawapeza akupopa njinga. Anangoti, "Kwerani." Ku chipatala anawayeza, chindoko anachipeza. Anasintha tsiku la ulendo mpaka anamaliza majakisoni onse. Namwino anatiuza kuti tidikire kaye tisanakhalire limodzi, natipatsanso makondomu. Amuna anga anawalandira maso ali pansi, koma analandira.

Patha zaka ziwiri tsopano. Nditaimanso, ndinayamba sikelo mwezi woyamba umene ndinadumpha, mimba isanaoneke n'komwe. Anandiyeza magazi poyamba ndi chakumapeto, ndipo anati nthendayo sinabwererenso. Ndinabereka mwana wamkazi wamoyo, pano akukwawa. Ine ndili bwino, kumunda ndikulima monga kale. Koma pamene anaikidwa mwana wanga wamwamuna palibe mtanda kapena mwala, ndipo udzu unamerapo kale.

Sindinaleke kukhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Chimene ndaphunzira n'chakuti Iye amene analenga magazi ndi yemweyo anapereka nzeru zowayezera, ndipo kukana nzeruzo si chikhulupiriro ayi. Abale ndi alongo anga, mukaona chilonda kumalo obisika, ngakhale chosapweteka, ngakhale chitapola, pempherani muli pa njira yopita ku chipatala. Amayi, musadikire kukolola kuti muyambe sikelo. Abambo amene mumagwira ntchito kutali, musadalire maonekedwe a thupi lanu. Kayezetseni pamodzi ndi akazi anu.

Amuna anga akubwera mwezi wamawa. Ndawauza pa foni kuti akatsika basi pa boma asafulumire kudza kunyumba. Akandipeza ndikuwadikira pa chipata cha chipatala, mwana ali kumbuyo, kuti tikayezetse limodzi. Anati, "Ndamva, mayi a Tamanda."